MUSANYOZE MASESE MUSANAMVE MMENE ANZATHU AKUNJA AMAFULULIRA WAWO

Uthengawu ndi wautali koma ndi mawu okhaokha, mulibe kanema, ndiye bandulo yanu siivutika. Amene simumwa mowa musathawe. Nkhaniyi ikukhudza chimanga, mapira, chinangwa ndi ndalama za dziko lino, ndipo thobwa lanu lija lilinso momwemu.

Mkangano woti mowa wabwino ndi uti sudzatha. Wina amati Green basi. Wina amati Kuche Kuche chifukwa ndi wopepuka, umafika naye m'mawa. Amene anakhalako ku Joni amati Castle. Amene amawoloka nyanja kupita tsidya la Mozambique amabwera akutama 2M. Zonsezo ndilibe nazo vuto. Chimene chimandiwawa ndi chakuti mkangano umenewu ukamachitika, masese sawerengedwa n'komwe. Munthu akatchula masese kapena Chibuku anthu amaseka, ati mowa wa amphawi, mowa wa kumudzi, phala la zidakwa. Ine ndikuti ayi. Masese ndi mowa weniweni, m'bale wake wa mowa wa ku Germany ndi ku Belgium. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathuwo anautenga mowa wa kumudzi kwawo n'kuusamala, pamene ife wathu tinauchitira manyazi. Ndipo manyazi amenewo tikuwalipira ndi madola komanso ndi miyoyo ya anyamata.

*Mowa wonse umayambira pa chimera*

Poyamba tigwirizane kuti mowa n'chiyani. Mbewu iliyonse, kaya chimanga, mapira, mawere, balere kapena tirigu, ili ndi ufa mkati. Ufawo pawokha sungasanduke mowa, uyenera usanduke shuga kaye. Ndiye wofulula amaviika mbewu m'madzi, n'kuifunditsa mpaka imere, kenako n'kuiyanika, n'kuigaya. Chimenecho ndiye chimera. Mbewu ikamamera imakhala ndi mphamvu yosungunula ufa kuti ukhale shuga woti kammera kadye, ndipo wofulula amangobwereka mphamvu imeneyo. N'chifukwa chake ukathira chimera m'phala, phala lolimba lija limapyapyala n'kuyamba kutsekemera. Pamenepo tili pa thobwa. Ukalisiya masiku, tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti timadya shuga uja n'kutulutsa zinthu ziwiri: mphamvu yoledzeretsa ndi mpweya umene umabweretsa thovu. Mowa wapsa.

Fakitale yaikulu ya ku Munich imachita zomwezi. Amaviika balere, amameretsa, amaumitsa, amagaya, amathira m'madzi otentha kuti shuga atuluke, amawiritsa, amaziziritsa, amathira yisiti. Ndondomeko yake ndi ya agogo athu yomwe ija, kungoti iwo amagwiritsa ntchito matanki achitsulo pamene agogo amagwiritsa ntchito mbiya kapena mgolo. Chimene iwo amaonjezera, chomwe ife tilibe, ndi maluwa a chomera china choyanga chotchedwa hops. Maluwawo ndi amene amabweretsa kuwawa kuja mumamva mu Green, komanso amathandiza kuti mowa usaonongeke msanga.

*Germany ndi Czech: mowa wa dziko lozizira*

Kum'mwera kwa Germany kuli chigawo cha Bavaria. M'chaka cha 1516 wolamulira wa kumeneko, Wilhelm IV, anakhazikitsa lamulo loti mowa uzifululidwa ndi zinthu zitatu zokha: madzi, balere ndi hops. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti tirigu asiyidwire ophika buledi, ngati mmene mafumu kuno amachenjezera anthu chaka cha njala kuti chimanga chisathere m'migolo ya mowa. Koma taonani bwino, yisiti m'lamulomo mulibe. Bwanji? Nawonso samadziwa kuti kuli tizilombo totero. Ankangodziwa kuti nsenga za mowa wakale zimapsetsa mowa watsopano, monga mmene mayi wofulula kwathu amadziwira kuti mbiya yozolowera mowa imapsetsa msanga kuposa yatsopano.

Mowa wawonso unkasasa kukatentha. Mpaka mu 1553 ku Bavaria analetsa kufulula miyezi yotentha. Anthu ankafulula nyengo yozizira n'kusunga migolo m'mapanga ndi m'zipinda za pansi pa nthaka, ataikamo madzi oundana. M'kuzizira mmenemo munazolowera mtundu wina wa yisiti umene umagwira ntchito pang'onopang'ono pa madigiri pafupifupi 10, n'kukhazikika pansi, mowa n'kutsala woyera mbee. Mowa wotero ndi umene umatchedwa lager, ndipo dzinalo likuchokera ku mawu a Chijeremani otanthauza kusunga.

Ku tauni ya Plzeň, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, mowa unaipa mpaka mu 1838 anthu anataya migolo 36 pabwalo anthu onse akuona. Sananene kuti basi mowa wa kwathu ndi wachabe, tiziitanitsa wa eni. Anamanga malo atsopano ofululira, naitana katswiri wa ku Bavaria, Josef Groll, ndipo mu 1842 anatulutsa mowa wagolide woonekera bwino m'tambula. Umenewo ndi Pilsner, kholo la pafupifupi mowa wonse wa m'mabotolo umene mumaudziwa. Mpaka lero anthu a ku Czech ndi amene amamwa mowa wambiri pa munthu mmodzi kuposa dziko lina lililonse.

Kenako kunabwera makina. M'zaka za m'ma 1870 injiniya wa ku Germany, Carl von Linde, anapanga makina oziziritsa, ndipo oyamba kuwafuna anali ofulula mowa. Ine monga munthu wa masipanala, apa ndimavula chipewa. Popanda makina amenewo lager sakanafululidwa m'dziko lotentha ngati lathu. Mu 1883, ku Copenhagen m'dziko la Denmark, wasayansi wa kampani ya Carlsberg, Emil Christian Hansen, anapatula yisiti wa mtundu umodzi yekha n'kumuweta payekha, kuti mowa wa lero uzikoma chimodzimodzi ndi wa mawa. Ndipo mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Kuyambira 2016 fakitaleyo ili m'manja mwa Castel, kampani ya ku France. Ndiye aise, Green amene umamutcha wathuwathu uja, agogo ake ali ku Bavaria, bambo ake ku Copenhagen, iye anangobadwira ku Blantyre.

*Oyandikana nafe: mayina ambiri, mtundu umodzi*

Ife a kunyanja tili ndi mwayi wolawa mowa wa mayiko atatu osakwera ndege. Tsidya la Mozambique kuli 2M ndi Laurentina. Chakumpoto, ku Mbamba Bay, kuli Safari, Kilimanjaro ndi Serengeti a ku Tanzania. Ku Zambia kuli Mosi, dzina lochokera ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ku Kenya kuli Tusker, ku South Africa Castle, ku Namibia Windhoek amene amanyadira kuti amatsata lamulo la 1516 lija, poti dzikolo linalamulidwako ndi Germany.

Kusiyana kulipo ndithu. Safari ndi wolemera pakamwa kuposa Kilimanjaro. Windhoek amamveka chimera kwambiri. Ena amaonjezera chimanga kapena shuga kuti mowa upepuke ndiponso mtengo utsike, monga mmene Budweiser wa ku America ndi mowa wambiri wa ku Japan amaonjezera mpunga. Koma onsewa ndi ana a nyumba imodzi, onse ndi lager wa mtundu wa Plzeň. Kukangana kuti Mosi ndi 2M wabwino ndi uti kuli ngati kukangana kuti usipa wa ku Salima ndi wa ku Nkhotakota wokoma ndi uti. Nyanja yake ndi imodzi. Kuti muone kusiyana kwenikweni kwa kafululidwe, muyenera kutuluka m'nyumba ya lager.

*Ireland ndi Nigeria: mowa wakuda*

Mu 1759 Arthur Guinness anachita lendi malo ofululira mowa ku Dublin, pa mgwirizano wa zaka 9,000. Eee, zaka 9,000, sindinalakwitse ziro. Mowa wake ndi wakuda chifukwa gawo lina la balere amalikazinga mpaka lide ngati khofi. Zoti amathiramo magazi kapena mankhwala ndi nkhambakamwa za pa bala. Ndi kukazinga basi, monga mmene chimanga chokazinga chimasiyanirana fungo ndi chophika. Yisiti wake ndi wa mtundu wina, wogwira ntchito pofunda ndiponso mofulumira. Mowa wa yisiti wotere amautcha ale, ndipo ku Britain mpaka lero amakonda kumwa ale wa mumgolo, wongozizira pang'ono, wopanda mpweya wambiri. Mukanapatsidwa inu mukanabweza, mukanati firiji yafa.

Tsono mverani apa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Guinness inamanga fakitale ku Ikeja, mu mzinda wa Lagos ku Nigeria. Mu 1988 boma la Nigeria linaletsa kuitanitsa chimera cha balere kuchokera kunja pofuna kuteteza ndalama zakunja. Mafakitale sanatseke. Anatembenukira ku mapira ndi chimanga cha alimi a komweko. Guinness wa ku Nigeria, wa mphamvu ya 7.5 peresenti pamene wa pa mpopi ku Dublin ndi 4.2 peresenti, anasanduka mowa wa mapira. Lero amagulitsidwa mpaka m'masitolo a ku London, ndipo alipo anthu amene amasankha iyeyo kusiya wa ku Ireland. Mapira omwewa amene ife timati ndi chakudya cha mbalame ndi cha anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje.

*Belgium: zimene timaseka mu masese, kumeneko n'zodula*

Masese timawanyoza pa zifukwa zitatu: ndi wowawasa, ndi wa mbuu, ndipo amafululidwa poyera popanda yisiti wa m'paketi. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Kufupi ndi mzinda wa Brussels ku Belgium amafulula mowa wotchedwa lambic. Akawiritsa madzi a chimera amawathira m'chibeseni chachikulu chosaya, chosavundikira, n'kusiya mazenera otsegula usiku wonse kuti yisiti wa mumpweya agweremo yekha. Kenako amauthira m'migolo yamatabwa, n'kukhala chaka chimodzi mpaka zitatu. Umatuluka wowawasa zedi. Kuwawasako kumabwera ndi tizilombo ta mtundu womwe uja timene timawawasitsa chambiko ndi masese. Amauika m'mabotolo otseka ndi chitsekerero ngati vinyo, ndipo anthu amachoka ku America ndi ku Japan kukaulawa. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha mowa cha ku Belgium pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse, mndandanda womwe pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Za mbuu nazo. Ku Bavaria komwe kuja kuli mowa wa tirigu wotchedwa Hefeweizen umene sasefa dala. Pothira m'tambula amasiya pang'ono m'botolo, n'kulizunguza kuti nsenga za yisiti zidzuke, n'kuthira zonse. Tandiuzani, kusiyana kwake ndi kukhutchumula paketi ya Shake Shake kuli pati? Mjeremani akazunguza botolo timati ndi luso, m'bale wathu akakhutchumula paketi timati wasauka. Kkkk, abale.

Ndipo si ife tokha amene tili ndi mowa wa mbewu za m'munda mwathu. Ku Peru, m'mapiri a ku South America, ali ndi chicha de jora, mowa wa chimera cha chimanga umene ankamwa kalekale azungu asanafike, ndipo mpaka pano amayi amaugulitsa m'nyumba zawo. Ku Ethiopia ali ndi tella, ndipo m'malo mwa hops amathiramo masamba a chitsamba chawo chotchedwa gesho. Achaga a m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro ali ndi mbege wa nthochi ndi chimera cha mawere. Ku South Africa umqombothi susowa pa mwambo, ngakhale kunyumba kwa munthu wa galimoto zitatu. Mtundu uliwonse unafulula ndi chimene nthaka yake imabereka, mogwirizana ndi nyengo yake. Ozizidwa anapeza lager. Ife a dziko lotentha tinapeza mowa wopsa msanga, womwedwa msanga, wokhala ndi chakudya mkati. N'chifukwa chake unali mowa wa dima: anthu alime, amwe, mimba ikhalenso ndi kanthu.

*Koma tisanamizane, vuto lilipo*

Wina anena kuti amwene, ukukometsa zinthu, masese ena amatsegula m'mimba. Akunena zoona, ndipo apa ndi pamene anzathu anatisiya. Mowa wa mayi mmodzi yemweyo, sabata ino wakoma, sabata yamawa wasasa, chifukwa zonse amayeza ndi maso. Madzi ena amatungidwa pamalo pokayikitsa, ndipo ngakhale phala liwire, madzi otsukira ziwiya ndi osungunulira mowa sawira. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 mmene inatipwetekera kuno kunyanja. Migolo ina inasungapo mafuta kapena mankhwala, ndipo ine amene ndimagwira oyilo tsiku lililonse ndikukuuzani kuti mgolo wotero sutsukika ndi sopo wa m'bafa. Chikho chimodzi chimazungulira pakamwa pa anthu khumi. Ndiye pali ena adyera amene amathiramo zinthu zosadziwika kuti mowa ukhale waukali. Masese sakhalanso nthawi, masiku ochepa wasanduka viniga.

Koma onani, mavuto onsewa ndi a ukhondo ndi muyezo. Palibe limene likuchokera ku chimanga kapena mawere. Ndi mavuto omwe aja anachititsa anthu a ku Plzeň kutaya migolo 36. Iwo anakonza, sanathawe.

Umboni woti wathunso amakonzeka ndi Chibuku. Chinayambira ku Zambia, kudera la migodi ya kopa, m'zaka za m'ma 1950, ndi mkulu wina dzina lake Max Heinrich. Anthu amati dzinali linachokera ku buku limene ankalembamo kafululidwe kake. Taganizani, chinthu chimene anachita n'kungotenga nzeru za amayi a kumudzi n'kuzilemba: ufa wochuluka chonchi, madzi ochuluka chonchi, kutentha kwakuti, maola akuti. Lero Chibuku chili ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi mayiko ena. Cha m'paketi chija chimakhala chikupsabe, n'chifukwa chake paketi imakhala ndi kabowo kotulutsira mpweya, ndipo mphamvu yake imakwera tsiku ndi tsiku. Chibuku Super cha m'botolo la pulasitiki anachitenthetsa kuti tizilombo tife, ndiye chimakhalitsa n'kumafika kutali. Nzeru zinali zathu, amene analemba ndi amene anadya nazo.

*Nkhani ya ndalama*

Chimera cha balere ndi hops zimachokera kunja, zimagulidwa ndi madola. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, botolo nalo limakwera. Dola imene yapita kukagula balere ndi yomweyo imene tikuilimbirana pogula mafuta a maboti, feteleza, mankhwala a m'chipatala ndi zipangizo za injini.

Anzathu ena anaziona msanga. Ku Uganda, mu 2002, kampani ya Nile Breweries inatulutsa Eagle Lager wa mapira a alimi ang'onoang'ono, boma n'kutsitsa msonkho pa mowa wa mbewu za m'dzikomo. Ku Kenya, mu 2004, anatulutsa Senator Keg, mowa wotchipa wa mumgolo, cholinga chake anthu asiye mowa woopsa wa m'makwalala, ndipo boma linauchepetsera msonkho. Koma chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi cha ku Mozambique. Mu 2011 ku Nampula anayamba kufulula Impala, mowa woyera wa m'botolo wopangidwa ndi chinangwa. Vuto la chinangwa tonse tikulidziwa, ukachikumba sichichedwa kuda. Iwo anapeza njira: makina oyenda pa lole amapita kumidzi komweko kukachigaya chikadali chachiwisi. Chinangwa, abale! Chomwechi cha kondowole chimene chadzaza ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, chimene amayi athu amagulitsa motaya chifukwa chosowa msika. Mlimi wa ku Nampula ali ndi fakitale yomugula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akuluakulu anatero.

Tsono chimene chimachitika botolo likadula ndi ichi: mnyamata sasiya kumwa. Masese akuwaona ngati ochotsa ulemu pamaso pa anzake, Green sangamukwanitse, ndiye amathamangira kachasu ndi timabotolo totchipa taukali tija tinalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa. Apa pali kusiyana kwakukulu kumene ambiri sakuganizira. Mowa wofulula, kaya masese kaya lager, mphamvu yake imakhala cha m'ma 3 mpaka 6 peresenti, ndipo mimba imadzaza usanafike poipa kwambiri. Mowa wotcheza umafika 40 peresenti kapena kuposa, ndipo wa kumudzi palibe amene amauyeza. Kabotolo kolowa m'thumba la kabudula kamagwetsa munthu wamkulu. Pitani padoko lililonse m'mawa, muwaona anyamata a zaka 20 manja akunjenjemera, nkhope zotupa, ndalama ya usipa wa usiku wonse itathera m'timabotolo. Ena amalowa nato m'boti. Mwera ukawapeza pakati pa nyanja, munthu woti miyendo yake ilibe mphamvu sasambira. Maliro otero tawaika, ndipo amene mukuwerenga muli kunyanja mukudziwa kuti sindikupeka.

Sindikunena kuti masese saledzeretsa kapena kuti sapasula banja. Chidakwa ndi chidakwa, kaya cha Green kaya cha chikho. Ndikunena kuti pamene tinachotsa ulemu pa mowa wofatsa wa makolo, malo ake sanatengedwe ndi lager, anatengedwa ndi mowa wakupha.

*Tsono ine ndimakonda uti?*

Poti mufunsa, nayi ndondomeko yanga, ndipo amene akutsutsa atsutse.

Woyamba ndi masese a mawere ofululidwa ndi mayi waukhondo, pa tsiku lake lenileni, pamene kutsekemera kukutha koma kusasa kusanalowe. Ali ndi fungo la chimera limene botolo lililonse lilibe. Tsiku limenelo likadutsa, musandipatse.

Wachiwiri ndi mowa wakuda. Stout kapena Laurentina Preta wa ku Mozambique, madzulo a mwezi wa June mphepo ya mwera ikuwomba. Umamwa pang'onopang'ono, botolo limodzi limakukwanira.

Wachitatu ndi Green wozizira bwino, mwezi wa October dzuwa litakuphika tsiku lonse. Pa ntchito yothetsa ludzu, anthu a ku Bavaria ndi ku Plzeň anaganiza bwino, ulemu wawo tiwapatse. Kuche Kuche amabwera pambuyo pake, wa pa ukwati ndi pa mpira pamene ukufuna kucheza nthawi yaitali mutu uli bwino.

Wachinayi ndi Chibuku cha m'paketi cha tsiku lachiwiri, ndi kanyenya kapena usipa wowotcha pambali.

Kachasu ndi timabotolo tija pa ndondomeko yanga palibe, ndipo sipadzakhala.

Mwaona kuti sindikudana ndi mowa wa m'botolo. Munthu ukhoza kukonda chambo osanyoza utaka.

*Pempho langa*

Kwa aboma ndi aphungu athu: msonkho wa mowa wofululidwa ndi mapira, chinangwa, mpunga ndi chimanga cha alimi a kuno ukhale wotsika kwambiri kuposa wa mowa wa zipangizo zakunja, ndipo wa mowa waukali ukhale wokwera. Uganda, Kenya ndi Mozambique anayesa kale njira imeneyi. Kampani ikaona phindu idzafika yokha kwa mlimi.

Kwa ophunzira athu a ku LUANAR ndi ku MUST, ndi a Malawi Bureau of Standards: khalani pansi ndi amayi ofulula, mulembe kafululidwe kawo boma ndi boma, poti ka ku Ntcheu si ka ku Karonga. Muwathandize ndi muyezo wosavuta, migolo yoyenera chakudya ndi njira yotetezera madzi. Amayi amenewa alipirira ana ambiri sukulu ndi ndalama ya mowa, ena mwa anawo lero ali m'maofesi ndipo ndi omwe akuseka masese. Nzeruzi zili m'mitu ya agogo, ndipo agogo akutha.

Kwa eni malo ogona alendo ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay: mlendo wochokera ku Belgium kapena ku Germany lager anamusiya kwawo, ndipo wabwino. Mukamupatsa masese aukhondo m'chikho chotsuka bwino, n'kumufotokozera mmene chimera chimapangidwira, mudzaona ngati sadzalipira mosangalala.

Kwa amayi ofulula: mgolo wa mafuta ayi, madzi osatetezedwa ayi, zothirathira ayi. Dzina la mowa wanu lili m'manja mwanu.

Kwa anyamata anzanga: imwani mutatsika m'boti, osati musanakwere. Ana osakwana zaka 18 musawatume mowa ndipo musawalawitse. Ndalama ya ndiwo ndi ya sukulu ichoke kaye, yotsala ndiye ya pa bala. Ndipo mukaona mnzanu wagwira chikho cha masese inu mutagwira botolo, musamuseke. Mwina iyeyo ndi amene ndalama yake yatsala m'mudzi, kwa mlimi wa mawere ndi kwa mayi wofulula.

Amene muli ku Joni, ku Harare, ku Lusaka ndi ku UK, tatiuzeni mowa wa makolo wa kumene muliko amaupatsa ulemu wotani. Amene agogo anu akadali moyo ndipo amadziwa kufulula, afunseni lero, mulembe m'kope: masiku angati oviika, angati ofunditsa, chimera chochuluka bwanji pa ndowa ya ufa. Kenako mutumize uthengawu kwa ena, makamaka kwa aja amaseka kwambiri.

Ndatha ine wanu, mwana wa msodzi, kuno kunyanja.